Chilimwe Chomwe Ng'ombe Zinkapoloza

Chidebe chija chinali choyera mbee, cha chivundikiro chothina, ndipo amalume anachipachika pamtengo wa masawu pafupi ndi khola. Ife ana anatiletsa ngakhale kuchikhudza. Chinali cha boma.

Kwathu kwa Makhuwira chilimwe chimenecho chinatitopetsa. Dothi linkawotcha mapazi, ndipo ng'ombe zinkapoloza mudzi wonse. Inkatenga bere bwinobwino, mimba n'kukula, kenako m'mawa wina n'kupeza kamwana kopanda ubweya kali gone m'ndowe, ntchentche zitakadziwa kale. Mpaka lero fungo la khola likandipeza, mtima umandilefuka.

A vetenale anabwera pa galimoto ndi munthu wa chipani, natisonkhanitsa pasukulu. Aphunzitsi ndiwo ankatambasula mawu awo. Akuti ankafuna kupanga katemera, koma ankayenera kupeza kaye kachilomboko, ndipo kamapezeka mwa mwana wopolozedwa akadali wamuwisi. Ng'ombe ikapoloza, tiike mwanayo m'chidebe n'kutumiza uthenga tsiku lomwelo. Wa chipani anangowonjezera kuti, "Wokana chitukuko tidzamudziwa." Amalume anawomba m'manja kuposa aliyense. Sindiwanena, masiku amenewo m'manja ndimo munali moyo wa munthu.

M'khola la amalume munali ng'ombe imodzi ya amayi, yamawanga, imene bambo anagula ndi thukuta lodula nzimbe ku esiteti komwe ankakhala. Inali ndi bere loyamba. Amayi ankaisisita pamimba akamadutsa, n'kumainong'oneza ngati mnzawo wapamtondo.

Kenako amayi anadwala. Thupi linkatentha, n'kuzizira, n'kutenthanso. Tsiku lina azimayi akuluakulu anadzaza m'nyumba, ine n'kundituma kokatola masawu, dengu lili lodzaza kale. Amayi atayambanso kutuluka, nsalu yawo inkawazungulira kwambiri kuposa kale. Ine ndinangoti ndi malungo awaondetsa.

Yamawanga inapoloza amayi asanapeze mphamvu. Amalume anakwera njinga kukanena kwa a vetenale, atalamula kuti kamwanako kaikidwe m'chidebe. Amayi anakayang'ana nthawi yaitali. Anakakulunga m'chitenje chakale, natenga khasu, n'kundiuza kuti ndiwatsatire ndi kamtsuko ka madzi. Tinakafika pamthunzi wina pafupi ndi dambo, pomwe dothi silinaume. Anakumba mopumira, thukuta lili chuu, nakwirira, nathira madzi aja pamwamba. Pambali pake panali kamtumbira kena kakang'ono, kovundikiridwa ndi phale.

"Usalire," anatero osandiyang'ana. "Wotere saliridwa."

Ine zolira ndinalibe n'komwe. Ndinkangoganiza za chidebe.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka, chidebe chili gwaa chopanda kanthu. Amalume anakokera amayi kuseri.

"Mlongo, mukufuna kundiphetsa? Ndiwauze chiyani anthuwa?"

"Auzeni kuti agalu atenga, achimwene."

Anawauzadi zomwezo. Wa vetenale sanakalipe. Anakhala pachitsa, napukuta nkhope ndi chipewa, n'kungoti, "Apanso tachedwa." Anali atatopa ngati ife tomwe. Koma wa chipani anatenga amalume kuti akafotokoze bwino ku ofesi, ndipo anabwerako akuyenda mopendama. Chikhalirecho sanaulule zimene amayi anachita.

Lero ndimadziwa kuti wa vetenale uja ankafuna zabwino, ndipo mwina kamwana kaja kakanathandiza makola ambiri. Ngati katemera wakeyo anatheka, ife sitinamve. Ngati nthenda ya m'khola ndiyo inalowanso m'nyumba mwathu, palibe anatiuza, ndipo ndatopa nako kudzifunsa.

Nthawi imeneyo ndinawakwiyira amayi. Ndinkati alowetsa amalume m'mavuto chifukwa cha nyama yakufa, yoti ngakhale galu akanainyansidwa. Ndinkadabwanso kuti amalume, omwe sankapirira zachibwana, sanawadzudzule ngakhale kamodzi. Kamtumbira ka phale kaja ndinakaona ndi maso angawa, ndipo ndinangoganiza kuti ng'ombe ya wina inapolozanso.