Fupa Limene Ba Rhoda Anakana Kutchula

Ku Kabwata ndani sanali kuwadziwa ba Rhoda? Mayi uja, iyayi! Anachoka ku Katete chaka cha ufulu, ndipo thumba la makala anali kulisenza kuchokela ku msika wa Soweto mpaka kunyumba, uku akuimba nyimbo za Chigwilizano cha amayi a ku tchalitchi.

Ndiye kunabwela zaka zija za mizele: shuga mzele, sopo mzele. Tsiku lina kunamveka kuti mu tauni mwafika saladi, mafuta ophikila aja. Chitseko cha shopu chitangotseguka, chigulu chonse chinakankha, ba Rhoda n'kupanikizidwa pa chitsulo cha pakhomo, kunsi kwa mchombo kwenikweni. Anangomva kuti thyo!

Wowathamangitsila ku chipatala anali ba Norbert, mwamuna wa mwana wawo Helen, popeza ndiwo anali ndi motoka ya kunchito. Apongozi, imwe! Munthu amene akakumana naye panjila amapatuka, osayang'anana.

Dokotala anali mlendo, Chinyanja zii. Womasulila anakhala ba Norbert omwewo.

"Akuti pakuwawa ndi pati, amayi?" anafunsa ba Norbert, maso ali ku nsapato.

Moto unali pa chinena, pamene mafupa awili a m'chiuno amakumana kutsogolo n'kutseka beseni lija limene limanyamula thupi lonse pamwamba pa miyendo. Ba Rhoda anali kupadziwa bwinobwino, si ana awo onse anadutsila m'beseni lomwelo? Koma kupatchula apongozi akumva? Kulozapo chala?

"Bondo," anatelo.

"Bondo chabe, amayi?"

"Nanga ndati chiyani, atate?"

Dokotala atafuna kukanikiza m'chiuno, ba Rhoda anamanga chitenje kuti gwa. Bondo analijambula, linali bwinobwino. Anawapatsa bandeji ndi mapilisi, kwatha.

Kunyumba anali kukwawa popita ku chimbudzi, chala ataluma. Miyezi itapita, Helen powasambika anaona chiuno chapendekeka, mwendo wina wafupika.

"Amama, mufuna kufela ulemu?"

"Tseka pakamwa, iwe. Ukauza amuna ako, sindine mayi wako."

Pobwelela ku chipatala awiliwili, anauzidwa kuti fupa linathyoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo lagwilana kale mokhota. Kusenza kunathela pomwepo, kuyenda n'kwa ndodo ziwili.

Helen sanaulule. Mwezi uliwonse ba Norbert amabwela ndi kabotolo ka mankhwala opaka, amagwada patali n'kukapeleka kwa mkazi wawo. Ba Rhoda amaomba m'manja, apongozi akapita n'kupakadi pa bondo.