Mwini Bwato Asanakalambe

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene abambo ananditengera koyamba ku vidiyo sho. Amayi sanakondwe nazo. Kwathu ku Zingwangwa, mtsikana wolowa m'zisakasa za kuseri kwa msika zija anthu ankamunena. Koma abambo anangoti, "Amake Marita, mwanayu akupita ndi ine. Funso limene filimuyi ikukayankha ndinali nalo kale ndisanakudziweni inuyo."

Kunyumba tinali ndi filimu imodzi imene abambo ankaikonda kuposa zonse, yakalekale, pa disiki yokalikakalika. Inkanena za mfumu yoipa imene inatsekera mvula m'phiri, kutsidya kwa mtsinje wa nkhungu, ndi ana amene ananyamuka kukaimasula. Wowawolotsa anali nkhalamba yopalasa bwato. Sinkalankhula. M'bwato mwake munali nyali yosazima, ndipo phazi lake silinkaponda pamtunda. Zimphona za m'filimumo zinali anthu ovala zigoba, koma zinkangooneka mbali imodzi m'nkhungumo, ndipo ine ndinkabisala kumbuyo kwa mpando. Nthawi zonse ndinkafunsa kuti nkhalambayo sitsika m'bwato chifukwa chiyani. Abambo ankati palibe akudziwa.

Ndiye kunamveka kuti kwatuluka filimu yatsopano, yofotokoza za mwini bwato uja ali mnyamata.

Tinapita Lamulungu masana titachoka ku Misa, ine ndidakali mu diresi langa la kutchalitchi. M'chisakasamo munali mdima, zipupa atazikuta ndi mapepala akuda apulasitiki. Munkanunkha thukuta ndi mafuta okazingira tchipisi. Tinakhala pa thabwa, abambo atapachika chipewa pa bondo.

Zimene ndinaona tsiku limenelo sindinazionenso kwina. Mzinda wonse unali utamangidwa pamwamba pa mitengo ikuluikulu yomera m'madzi, nyumba zikulendewera ngati zisa za atchete. Mbalame zazikulu ngati minibasi zinkadutsa pansipansi, mpaka anthu a kutsogolo ankawerama. Kenaka mtsinje unadzuka. Unaimirira ngati khoma, nkhuni ndi madenga zikuzungulira m'kati mwake, ndipo mkokomo wake wochokera m'masipika ndinkaumva m'chifuwa. Ndinaiwala kuti ndakhala pa thabwa. Ndinaiwala ndi Zingwangwa yemwe.

Mnyamata wa bwatoyo anali wansangala ndi wolongolola, wosiyana kwambiri ndi nkhalamba imene tinkaidziwa. Madzi atabwera, anaika mng'ono wake m'bwato, iye n'kudumphira pamtunda kukatenga chingwe. Potembenuka, bwato linali litapita. Analipeza pambuyo pake litakodwa m'bango, mulibe munthu. Analowamo, ndipo sanatsikenso.

Ndinacheuka kuti ndiwauze abambo kuti yankho lija ndi limeneli. Ndinawapeza atagwira thabwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira m'ndevu. Ndinali ndisanaonepo abambo anga akulira. Ndinabweza maso msanga.

Titatuluka, dzuwa linatithobwa m'maso. Tinayamba kukwera chitunda cha kwathu, ine pakamwa posatseka: mbalame zija, mzinda uja, khoma la madzi lija. Abambo anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenaka anayamba iwo. Anati nkhondo za pakati pa filimuyo zinatalika popanda chifukwa, ngati ojambulawo ankangofuna kutionetsa kuti ali ndi makina. Anati zimphona zatsopanozo zinali zokongola koma zosaopsa, poti anazionetsa zonse mpaka mano. Chinawapweteka kwambiri chinali nyali. Filimuyo inati moto wake unachokera ku mwala umene unagwa kumwamba.

"Nyali ija ndinkaikonda chifukwa sindinkadziwa amene anaiyatsa," anatero. "Lero andilanda."

Mtima unandiwawa ngati akunena ine. Ndinali nditangoona chinthu chachikulu kuposa zonse za moyo wanga, iwo n'kumachitola zilema.

"Ndiye kuti simunaikonde, ababa?"

"Lamulungu likubwerali tikaioneranso."

"Nanga mukuinyozeranji?"

"Sindikuinyoza, mama. Ndikuiona."

Tinafika pa kamlatho ka pa ngalande ya madzi akuda, pamene amayi ena ankagulitsa chimanga chootcha. Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu, koma ndinafunsa chimene chinawaliza.

Anaima n'kuyang'ana m'ngalandemo. Ndinkadziwa kuti abambo anachokera ku Nsanje ali mnyamata kudzafuna ntchito ya ukalipentala, koma za kumeneko sankakonda kukamba. Tsiku limenelo anandiuza kuti anali ndi mng'ono wawo, dzina lake Zuze. Chaka china Shire anasefukira makolo ali ku dimba. Abambo anamubereka mwanayo mpaka pa chulu, n'kumuuza kuti asasunthe, akukaitana anthu a bwato. Pobwerera ndi bwatolo, chulu chinali chitamira.

"Pamene paja mnyamata uja anatembenuka," anatero motsitsa mawu, "sanakuwe. Anangoima. Amene anajambula pamenepo akudziwa. Munthu sukuwa ayi."

Anagula chimanga chimodzi, n'kuchithyola pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu. Tinayenda mpaka kunyumba tikudya.

Lamulungu lotsatira tinapitadi, ndipo amayi anatsagana nafe atafunda chitenje kumutu kuti anzawo a mumphakati wa kutchalitchi asawazindikire. Mbalame zija zinandidabwitsa monga poyamba. Koma pa nkhondo za pakati zija ndinadzipeza ndikuyang'ana kudenga, ndipo pa nkhani ya mwala wogwa kumwamba ndinamva kuti penapake pachepa. Pofika pa kusefukira kwa madzi, amayi anagwira dzanja la abambo. Mwezi wa Novembala chaka chimenecho, pa Misa yopempherera akufa, ndinamva dzina la Zuze likutchulidwa m'tchalitchi mwathu koyamba.

Pano ndine mayi wa ana anga, ndipo mafilimu otere ndaona ambiri, ofotokoza chiyambi cha nkhani zakale. Ambiri amachita monga ija: amadzaza maso, n'kuyankha ngakhale mafunso amene akanakoma kuwasiya. Ndili mwana ndinkaganiza kuti chinthu ukachikonda uyenera kuchiikira kumbuyo chonse, ndipo wochipezera cholakwa ndi mdani wake. Abambo anandionetsa kuti munthu angathe kulira ndi filimu, n'kuidzudzula panjira, n'kubwereranso kukaionera. Ankailemekeza mokwanira kuti asainamizire.

Filimu ija inali ndi phokoso lambiri losafunika, sindikana. Koma pakati pa phokosolo inanena chinthu chimodzi choona, ndipo chinatsegula pakamwa pa munthu amene anakhala chete kuyambira ali mnyamata. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti abambo anabadwa amuna okha m'banja mwawo. Ndinafika kunyumba ndili ndi abambo aang'ono.