Tinabukitsa Vani Kukaonera Mwana Atakhala pa Benchi

Lachitatu lapitali achemwali anga anandiimbira foni ndili pantchito, ndipo sanayambe ndi moni. Mukaona mayi wa kwathu walumpha moni, dziwani kuti kwinakwake kwapsa.

“Achimwene, mwini mbumba ndinu. Pitani ku Indianapolis mukalankhule naye mwana wanuyu. Loweruka asewere basi.”

Mwana akunenedwayo ndi Tiyamike, mwana wawo yekhayo. Anakulira konkuno ku South Bend, ndipo amasewera basiketibolo pa koleji ina ku Indianapolis. Chino ndi chaka chake chachinayi mu timu, chomaliza malinga ndi malamulo. Tsoka ilo, sizoni itangoyamba, atasewera magemu ochepa chabe, fupa la phazi lake linachita mng’alu. Kuyambira pamenepo wakhala akuyenda ndi chinsapato cha pulasitiki chofika pafupi ndi bondo.

Loweruka linali tsiku la gemu yomaliza ya pakhomo, pamene osewera otsiriza sukulu amaitanidwa pakati pa bwalo pamodzi ndi makolo awo n’kupatsidwa maluwa. Kochi anali atanena kuti adokotala a timu akavomera, amulowetsa Tiyamike ngakhale miniti imodzi yokha, kuti anthu amuombere m’manja.

Achemwali atangomva zimenezo anakalengeza kutchalitchi. Inu mukuwadziwa anthu athu. Pomafika madzulo vani inali itabukitsidwa, amayi atagwirizana chitenje chovala, ndipo a Chikaonda, mkulu wa mpingo wathu, atasinthitsa shifiti yawo kuchipatala.

“Mlendo ndi mame,” anatero achemwali pafoni paja. “Anthu asiye mashifiti awo, adrayive mtunda wonsewo, kukaona mwana atakhala pa benchi? Ife tinkasewera netibo ku Zomba chala chitatupa chonchi. Kuthowa ndi madzi otentha, mawa lake m’bwalo!”

Pafoni sindinaone kukula kwa chalacho, koma nkhani yake ndaimva kambirimbiri, ndipo chalacho chimakula chaka ndi chaka.

Lachinayi ndinaliza galimoto. Njira yonse ndinkakonza mawu: ulemu kwa akulu, kupirira, kumene tinachokera. Umalume ndimautha ine, musandione chonchi.

Tinakumana pa kamalo kena kodyera mu Lafayette Road. Tiyamike analowa alibe chinsapato chija, akuponda mosamala ngati munthu wosenza ndowa yodzadza. Monga ana athu ambiri okulira kuno, Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m’Chingerezi, choncho mawu ake ndiwaika m’chinenero chathu.

Ndisanatsegule n’komwe pakamwa, iye anati, “Amalume, musavutike. Ndisewera. Mawa ndikawauza adokotala kuti ululu watha.”

“Watha?”

Anayang’ana m’mbale mwake. “Ndikawauza kuti watha.”

Ine, pofuna kuti ulendo wanga usapite pachabe, ndinati wachita bwino, pajatu miniti imodzi siingaphe munthu. Apo m’pamene anandifotokozera lamulo lomwe ine sindinkalidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a inu simulidziwa.

M’makoleji a kuno, wosewera amapatsidwa masizoni owerengeka. Akavulala kwambiri mpaka sizoni kumuthera panjira, sukulu ikhoza kupempha m’malo mwake kuti chaka chimenecho chisawerengedwe, adzasewerenso chaka china. Koma pali zofunika kukwaniritsa. Akhale kuti anavulala sizoni isanafike pakati. Akhale kuti anasewera magemu ochepa. Adokotala achitire umboni kuti sakanatha kubwerera. Ndipo chachikulu n’chakuti sizoni ikapitirira theka, asapondenso m’bwalo pa gemu iliyonse. Akangolowa, kaya agwira mpira kaya saugwira, mwayi uja wapita.

“Ndiye miniti imodzi ija?” ndinafunsa.

“Ndi chaka chonse, amalume. Sizoni yanga yomaliza, ndi chaka china cha sukulu chomwe timu ikanandilipirira.”

“Amayi ako akudziwa zimenezi?”

“Ndinayamba kuwauza. Koma iwo anali akundionetsa chitenje pa foni, akuseka. Chimwalirireni adadi sindinawaonepo akusangalala chonchi.”

Mawu onse ndinakonza m’galimoto aja anandithawa. Ndinapita kukalamula mwana kuti amvere akulu, n’kupeza kuti mwanayo anamvera kalekale, mtengo wake akuudziwa, ndipo wakonzeka kuulipira mwakachetechete. Zinandiwawa kwambiri. Ndinangoti, “Mawa ukawauze adokotala zoona. Za vani undisiyire ine.”

Anangomwetulira kumwetulira kuja ana amatipatsa akafuna kuti nkhani ithe.

Tsono tiyeni tikambirane pang’ono, abale anga.

Lamulo limeneli ndalitembenuza uku ndi uku, ndipo sindikunama, lili ndi mbali yowawa. Mwana amene wayesetsa kuchira msanga, n’kulowa kukathandiza anzake kwa kanthawi, phazi n’kumukanika, ndi amene amaluza zonse. Kodi miniti imodzi ingafanane bwanji ndi sizoni yathunthu? Akuluakulu olemba malamulowa, omwe likulu lawo lili mu Indianapolis momwemo, amawasinthasintha, ndipo ndikanakonda atayang’ananso pamenepa.

Komanso ndikumvetsa chifukwa chake mzere uyenera kukhalapo. Popanda mzere, matimu akanamabisa osewera abwinobwino n’kumati avulala, kuti adzawagwiritse ntchito chaka china. Ndipo mwanjira ina, lamuloli limamuuza mwana wovulala chinthu chomwe ife makolo timalephera kumuuza: khala pansi, chira kaye.

Ifetu mawu amenewo satituluka m’kamwa.

Tinakula tikumva kuti munthu salira ndi kachilonda. Tinabwera kuno ndi mtima womwewo, ndipo watithandiza, sindikana. Ndi mtima umenewo umene umadzutsa amayi athu kupita ku shifiti msana ukuwawa, chipale chofewa chitadzadza pakhomo. Koma taupatsira ana athu osawauza kuti uli ndi malire. Mwana akafunsidwa ndi dokotala ngati pakupweteka, amayamba waganiza za nkhope ya mayi ake, kenako n’kuyankha.

Ndiye pali nkhani ya alendo. Kwathu mlendo sabwerera chimanjamanja. Ngakhale nkhuku itakhala imodzi yokhayo pakhomo, imagwidwa. Ndi mwambo wabwino, ndipo ine ndadya nkhuku zambiri chifukwa cha mwambowu. Koma kuno nkhuku tilibe, tili ndi ana. Mwana aimbe alendo amve. Mwana avale gauni alendo ajambule. Mwana asewere alendo aone kuti sitinabwere ku Amereka kudzasewera.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n’zoona, n’chifukwa chake anthu anasiya ntchito zawo kuti akamuone Tiyamike. Koma mwa tonsefe, ine ndemwe, ndani anamufunsa kuti phazi lili bwanji? Tinafunsa nthawi yoyambira gemu. Tinafunsa za malo oimika vani.

Ndili m’njira yobwerera ndinaima pa malo omwetsera mafuta n’kuwaimbira achemwali. Ndinawafotokozera zonse, pang’onopang’ono, monga momwe mwana anandifotokozera ine. Nditamaliza, anandifunsa funso limodzi.

“Ndiye anthu ndiwauza chiyani?”

“Muwauze kuti vani inyamuka nthawi yomwe ija.”

Anadula foni osatsanzika. Lachisanu ndinamuimbira Tiyamike, osayankha. Ndinalemba uthenga, zii. Zomwe anakawauza adokotala sindinazidziwe, ndipo chakudya sichinkatsika.

Loweruka vani inanyamuka. Amayi a kutchalitchi anayambitsa makorasi tisanatuluke n’komwe mu South Bend, mandasi akuyenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Achemwali anakhala pawindo, osaimba, osadya. Ine ndinkangoyang’ana msewu ngati ndine dalaivala.

M’holo ya masewera tinadzadza mzere wathunthu, chitenje chathu chikuonekera patali. Achemwali anaitanidwa kupita kumunsi kukadikira mwana wawo. Woulutsa anayamba kutchula maina, mtsikana aliyense akutuluka atavala yunifomu, wokonzeka kusewera.

Kenako anatchula dzina la Tiyamike, molipotoza monga mwa masiku onse.

Ndinayamba kumva phokoso lake ndisanamuone: gu, gu, gu. Chinsapato cha pulasitiki chija! Anatuluka atavala zovala wamba, chitenje cha amayi ake atachikoleka paphewa, akutsimphina poyera pamaso pa anthu onse. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzasangalala kuona mwana wa mlongo wanga akutsimphina, koma ndinasangalala, misozi mpaka kulengeza.

Ndinayang’ana achemwali, ndili ndi mantha. Anayenda kukakumana naye pakati pa bwalo. Maluwa aja sanawalandire msanga. Anawerama, n’kugwira lamba wa chinsapatocho yemwe anali atakhwepa, n’kumumanga bwinobwino, monga ankachitira ndi zingwe za nsapato zake ali ku sukulu ya mkaka. Atatero anadzuka n’kumukumbatira.

Nthungululu zomwe zinatuluka mu mzere wathu, azungu a kutsogolo kwathu anachita kutembenuka.

Gemu yonse Tiyamike anakhala pa benchi, akuwakuwira anzake. Ifenso tinkakuwa, nthawi zina pamalo olakwika. Itatha, tili panja, ndinawakokera pambali a Chikaonda kuti ndiwapepese, n’kuwafotokozera za lamulo lija. Anandiyang’ana ngati ndawatukwana.

“Aphiri, nanga osanena bwanji? Ife tinabwerera mwana. Mpirawu ine sindiutsata n’komwe, ndimangoona anthu akuthamangira uku ndi uku.” Anaganiza pang’ono, nkhope n’kuwala. “Ndiye kuti chaka chamawa tibukitsanso vani?”

Achemwali, omwe anali chapafupi, anaseka koyamba tsiku limenelo.

Nkhaniyi sinathe. Sizoni ikatha sukulu idzatumiza pempho, ndipo akuluakulu a ligi ndiwo adzagamule. Akhoza kuvomera, akhoza kukana. Koma khomo likadali lotsegula, phazi likupola, ndipo mwana sananame kwa dokotala chifukwa cha ife. Ine pakadali pano zimenezi zandikwanira, ndipo chakudya chayambanso kutsika.

Chomwe chikundisautsabe n’chimodzi. Alendo amene tinkaopa kuwakhumudwitsa aja sanapemphe n’komwe nkhuku. Tinatsala pang’ono kuipha tokha, popanda wofunsa.

Tiyamike anavula chinsapato chake Lachinayi kuti ine, malume ake, ndimuone ngati wachira. Nanga wanu, kunyumba kwanuko, wavula chiyani kuti inu musakhumudwe?