Mwana Wanga pa Mapewa a Eni

Tinanyamuka pa Ngara Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa, dzuwa litayamba kale ukali wake. Tinali atatu: ine, mwana wanga Chisomo wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi a Mwangosi, asodzi oyandikana nafe nyumba. A Mwangosi sindinawaitane. Anangotulukira pa siteji atavala malaya achikasu, vuvuzela ili kukhwapa.

"Mwawuka uli, a Sambizgi? Mukukaika maliro a timu yanu lero?"

Ndinaseka ndi mano okha. Ine kwathu ndi ku Blantyre, kuno ndinabwera kudzaphunzitsa, n'chifukwa chake amanditcha Sambizgi, ndiye kuti mphunzitsi. Timu yofiira ya kwathu ndinailandira kwa malemu bambo anga, amene ankandinyamula pamapewa kuti ndione bwino mpira. Tsiku limenelo inabwera kudzasewera ndi timu ya kuno, yachikasu, pa Karonga boma. Vuto linali pa Chisomo. Loweruka lililonse ine ndikamachonga makope, iye amakhala pakhonde pa a Mwangosi kumvera mpira pa wailesi. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambi umenewu a Mwangosi anaumvetsa mopyola muyezo. Ndi dzina lomwe anamusintha, amamutcha Wezi, ndiye kuti Chisomo m'Chitumbuka, ndipo akamuitana amathamanga kuposa ndikamuitana ine. M'chikwama ndinali nditabisa kajezi kofiira. Ndinalumbira kuti tsiku limenelo mwana wanga ndimubweza.

Minibasi inabwera yodzaza kale. Kondakitala anati wamkulu folo sauzande, mwana ulere bola akhale pamwendo. Ndisanachotse n'komwe chikwama pamiyendo panga, ndinangomva a Mwangosi akumuitana m'Chitumbuka kuti abwere, "Wezi, zanga kuno!" Mwana uja, tsompho, pamwendo pa a Mwangosi. Ine ndinatsala ndi beseni la usipa la mayi wina, likundidinda m'mawondo njira yonse.

Pa Lupembe tinaima nthawi yaitali akukweza matumba a mpunga. Panakweranso bambo wina wovala zofiira, wapolisi wa ku Dedza amene anali pa ofu. Tinagwirana chanza ngati pachibale.

"Tilipo, achimwene! Lero tiwaphunzitse mpira anthuwa," anatero. Kenako analoza Chisomo. "Kamtsikanaka n'ka madalawa?"

"Ndi wanga."

"Wanu? Nanga chachikasu chili kumutucho?"

Ndinacheuka. A Mwangosi anali atamumanga kale kansalu kachikasu kumutu, awiriwo akuimba motsitsa nyimbo ya Chinkhonde imene ine sindimva ngakhale liwu limodzi. Ndisabise, nsanje inandigwira.

Tinatsika pa depoti cha m'ma 12, tinakwera kabaza kupita kumsika, komwe tinadya mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Ndinadikira kuti mwana akhute, kenako ndinatulutsa kajezi kaja.

"Agogo ako ankavala yotere. Lero ukhala ndi ine."

Analandira ndi manja awiri. "Zikomo, ababa." Koma maso anathawira kwa a Mwangosi.

"Vwala, Wezi, njakufuma kwa adada ako," anatero iwo, akunyambita chala.

Taonani zimenezo! Mwana wanga kuti avale chimene ndamugulira ine, chilolezo chichokere kwa aneba. Anavala ndithu, kansalu kachikasu kaja anakapinda n'kukafumbata m'manja.

Pa geti la bwalo tinasiyana. A Mwangosi analowera kumene kunali ng'oma ndi khwimbi la anthu achikasu, ife tinapita tsidya lina, kumene ofiira tinaunjikana kagulu kochepa: aphunzitsi, anamwino, apolisi, makalaliki, tonse obwera. Kwa eni kulibe mkuwe, komabe tinayesetsa kukuwa. Ndinamulozera Chisomo osewera athu mmodzimmodzi, ndinamuphunzitsa nyimbo imene ankaimba bambo anga. Ankangoti "Eya, ababa," atakhala mwaulemu ngati ali mu ofesi ya ahedi.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, achikasu anamenya kona, wina anadumpha n'kuugunda ndi mutu. Golo! Bwalo lonse linaphulika. Ndipo pambali panga penipeni, pakati pa ofiira okhaokha, kamawu kanakuwa, "Gooo...!" Chisomo anali m'mwamba, manja onse kumwamba. Mwadzidzidzi anakumbukira pamene anali. Anadzitseka pakamwa, anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ndi mantha. "Pepani, ababa."

Chigoli chija chinandiwawa, koma pepani ameneyu anandiwawa koposa. Ine pa msinkhu wake palibe tsiku limene ndinapepesa chifukwa chosangalala.

Pa hafu taimu ndinamugwira dzanja, tinazungulira kuseri kwa golo, anyamata achikasu akundiwowoza kuti ndabwera kudzagonja. A Mwangosi ndinawapeza akumwa madzi a m'pepala.

"Nayu Wezi wanu. Mumugwire bwino, anthu achuluka."

Sananyoze. Anaika vuvuzela pansi. "Yewo, a Sambizgi. Khalani konkuno, malo alipo."

"Ine ndili ndi kwathu," ndinatero, n'kubwerera ndekha.

Chigawo chachiwiri sindingakufotokozereni bwino, chifukwa mpira sindinauone. Maso anga anali tsidya lija. M'nyanja ya zachikasu munali kadontho kamodzi kofiira, pamwamba pa anthu onse: mwana wanga, atavala jezi yanga, ali pamapewa pa a Mwangosi, akuzunguza kansalu kachikasu. Pamene anatimwetsa chachiwiri, kadontho kaja kanavina. Wapolisi uja anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Limbani mtima, achimwene, ligi ikadalipo." Ankaganiza kuti misozi inali ya mpira.

Pobwerera tinapeza minibasi cha m'ma 5. Kondakitala ananenanso zomwe zija, mwana pamwendo. Ulendo uno chikwama ndinachiponya pansi msangamsanga, osasamala za ulemu. Chisomo anakwera, mawu atasasa, n'kudzadziponya pa ine. Tisanafike n'komwe pa Lupembe anali atagona, mutu uli pachifuwa panga, kansalu kachikasu kali chifumbatire.

"Kanali kukufunani," anatero a Mwangosi. "Chigoli chachiwiri chija kanandifunsa kuti, adada akuona kuti ndavala jezi yawo?"

Ine ndinkaganiza za bambo anga. Zaka zonsezi ndimati anandipatsa timu chifukwa inali yabwino kuposa ena onse, chonsecho inkagonja kawirikawiri ngati lero lomwe. Ndinaikonda chifukwa ndinkaionera pamapewa pawo. Ine ndinabwera ndi jezi, a Mwangosi anabwera ndi mapewa.

Tikutsika pa Ngara, mwana ali kumsana kwanga, a Mwangosi anandiuza kuti, "Loweruka likubwerali tikusewera ndi a ku Mzuzu. Nditenge Wezi?"

"Tipitira limodzi," ndinatero. "Makope adikira. Chachikasu sindivala, nyimbo zanu sindiimba, ndipo mukagonja ndidzaseka. Koma mwanayu adzaonera pamapewa panga."