Dailesi ndi Chikope cha Bambo Yona

Inu amene mukuti dziko lakukanani, khalani pansi mumve za Dailesi wa ku Kawale.

Mu 1991, ali Fomu 2, Dailesi anagwa khunyu m'kalasi. Anzake anathawa, ena mpaka kutulukira pawindo, poti amati ukakhudza thovu la wakhunyu nawe watenga. Atatsitsimuka anapezeka ali yekhayekha pansi. Sabata yomweyo mayi ake anauzidwa kuti mwanayo azingokhala kunyumba.

Anayesa kugulitsa mandasi ku Biwi, koma ndani akanagula kwa wakhunyu? Beseni linkabwerera lodzaza, iye akulira njira yonse.

Chinamudzutsa ndi kapiritsi kakang'ono, fenobabitoni. Mwezi uliwonse ankayenda wapansi kukatenga mankhwalawo kuchipatala, n'kukhala pabenchi ndi odwala anzake mpaka dzuwa kufika paliwombo. Pabenchipo anaphunzira kuti khunyu si kugwa ndi kuphupha kokha. Wina amangoti maso tong'o, wina amatafuna milomo, wina chimanjenjemera ndi chala chokha.

Kugwa kuja kunasiya. Mu 1995 anapeza ntchito yokolopa pachipatala china chachikulu. Atamufunsa ngati ali ndi matenda alionse, anati ayi. Musamuweruze, njala inali itafika pakhosi. Kuyambira pamenepo ankamwa mapiritsi ake mobisa, podziwa kuti zikaululika ntchito yatha.

Patapita zaka ziwiri, m'chipinda cha odwala mwakayakaya momwe ankakolopa munagonekedwa Bambo Yona, kalipentala wa ku Chinsapo amene anagwa padenga n'kumenyetsa mutu. Masiku anayi anatha asanatsitsimuke. Abale panja anayamba kunong'onezana za bokosi, mwini wake wodziwa kukhoma mabokosiyo akupumabe.

M'mawa wina Dailesi akukolopa pafupi ndi bedi lawo, anaona chikope chakumanzere chikugwedera, chala chachikulu nacho chikunjenjemera pang'onopang'ono. Zinasiya. Patapita mphindi zingapo zinayambiranso. Anaimika mopu n'kuwerenga mpaka katatu.

"Sisitala, bambo awa akugwa khunyu," anauza Sisitala Temwa, namwino wamkulu wa m'chipindamo.

Sisitala anasuzumira, koma nthawiyo zinali zitasiya. "Akuphupha pati, Dailesi? Si awa agona phee?"

Dokotala amene ankazungulira odwala anamva. "Iwe zimenezi wazidziwa bwanji?"

Apa m'pamene panali nkhani. Akanangoti pepani n'kutola mopu wake, ntchito ikanakhala yake mpaka kukalamba. Koma ankadziwa kuti khunyu likamabwerezabwereza osaletsedwa limawononga ubongo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka mapiritsi.

"Ndine wakhunyu, adokotala. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pabenchi ndi anthu otere. Ntchitoyi mundichotse, koma dikirani kaye muyang'ane chikope ichi."

Dokotala anakoka mpando n'kukhala. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zinayi zisanathe, chikope chija chinayamba, chala nacho, maso n'kupendekera mbali imodzi.

"Akunena zoona mtsikanayu! Sisitala, yezani shuga m'magazi, ndipo bweretsani jakisoni wa dayazepamu msanga."

Anawabaya jakisoniyo mumtsempha kwinaku akuyang'anitsitsa kapumidwe, kenako anaika mankhwala ena m'diripi kuti khunyulo lisabwerere. Chikope chinakhala bata.

Masana a tsiku lotsatira, Bambo Yona anatsegula maso. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa ndi mawu osasa: "Hamala yanga ija mwaitsitsa padenga?"

Akazi awo anaimba nthungululu pakhonde pomwe panalembedwa kuti musachite phokoso, ndipo palibe anawaletsa. Sisitala Temwa anakumbatira Dailesi, onse awiri misozi ili mbwembwembwe, akuseka.

Chisangalalocho chili mkati, Dailesi anaitanidwa ku ofesi ya metironi, mkulu wa anamwino onse. Anapita atapindapinda kale yunifolomu yake kuti akabweze.

"Bodza lija sitinakondwe nalo," anatero metironi. "Koma yunifolomuyo bwerera nayo. Lachisanu uime kutsogolo kwa anamwino, uwaonetse zonse zimene unaphunzira pabenchi paja. Ndipo sukulu ija ukaimalize, mashifiti tikukonzera."

Lachisanulo wokolopa anaphunzitsa, anamwino akulemba m'makope. Sukulu anaimaliza, ndipo mu 1999 anasankhidwa kukaphunzira unamwino. Mapiritsi ake ankamwera poyera, patebulo la tiyi, anzake n'kumamukumbutsa akaiwala.

Inu muli ndi chiyani chimene mukubisa m'thumba mwamanyazi? Dailesi anatulutsa chake ali ndi mantha, ndipo bambo wa ana asanu anabwerera kwawo ku Chinsapo akuyenda yekha. Chimene chikukulizani lero mwina ndi chimene chidzadzutse mnzanu mawa. Limbani mtima, musataye chiyembekezo.