Zitsekerero za Aphunzitsi

"Amake Tereza, zitsekerero za mabotolozi mukutoleranji?" anandifunsa mayi woyandikana naye nyumba kuno ku Chitawira. Ndinati n'zophunzitsira mwana kuwerengera.

Kafungo kake ka dzimbiri kanandibwezera ku Limbe, nthawi ya Chitaganya. Tikaweruka, aphunzitsi athu ankazungulira kuseri kwa masitolo a amwenye, n'kumatola zitsekerero m'fumbi. M'mawa tinkazipeza pamkeka, timilu ta khumikhumi, aliyense kake. Ine ndinkangoti ndi masewera.

Tsiku lina bambo anga anawaona aphunzitsiwo atawerama pangalande. "Mwana wanga aziphunzitsidwa ndi wotola zinyalala? Iyayi!" Anandisamutsira kusukulu ina, kumene masamu tinkangowaimba pamtima, osawagwira m'manja.

Ndadzazindikira nditabereka kuti pangalande paja ankakonza phunziro la mawa. Ndinataya mphunzitsi wabwino, ndi masamu omwe.