Apongozi pa Paipi

Chaka chimene kampani yathu ya mabasi inatsekedwa, ndinatsala ndi zinthu ziwiri ku Chawama: kavani kokalamba konyamulira tomato, ndi mkazi wodwala pakati, mwezi wake utakwana. Kavaniko kanafa shafti ya pansi, ija yopititsa mphamvu ku mateyala akumbuyo. Ina ndinaipeza kwa ophwasula magalimoto ku Chaisa. Ndinkafunika kuimanga matenda a mkazi wanga asanayambe, chifukwa mumsewu mwathu munali maenje oti wa takisi sakanalola kulowamo.

Ndinakweza kavani pa njerwa. Mabawuti ena anamasuka mwaulemu, koma imodzi inachita kukwatirana ndi dzimbiri. Ndinaithira palafini, ikagone nayo. Ndinaithira mafuta a mabuleki. Ndinatenga makala a moto pa mbaula ndi fosholo, kuiwotcha mpaka nsidze zanga kununkha. Ndinaigogoda ndi hamala, ndinaitukwana chamumtima. Chamumtima, chifukwa pakhonde panali apongozi.

Mayi a mkazi wanga anali atabwera kuchokera ku Katete kudzadikira mdzukulu. Ife tinkapatsana ulemu wa kwathu. Sitinkadyera pamodzi, sitinkayang'anana m'maso, ndipo mawu awo ankadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo. M'nyumba ya zipinda ziwiri, ulemu wotere ndi ntchito yolemetsa. Komabe ndinkawakonda, ndipo ndinkawaopa.

M'mawa wina ndili pansi pa kavani, ndinamva mkazi wanga akubuula. Amuna onse oyandikana nafe anali atapita kukasaka maganyu. Ndinalowetsa sipanala mu paipi yaitali ya madzi kuti itulukire kumbali. Koma bawutiyo inkafuna anthu awiri, wina kugwira nati pansipo ndi sipanala ina, wina kukanikiza paipi kunja. Ine manja ndili nawo awiri basi, ndiponso njala ya chaka chimenecho inali itandipepula.

Ndinangoona mapazi a apongozi ataima pafupi ndi mutu wanga.

"Iwe," anafuula akuyang'ana kunyumba, "uwafunse apongoziwa, chitsulochi chikufuna chiyani?"

Mkazi wanga anayankha ali m'kati, mawu akudukaduka: "Amama, vamene ivo kambani nabo mweka! Ine nili na vanga kuno!"

Apongozi anatsokomola.

"Apongozi, ndipondepo?"

"Mukapondapo mungathandize, amayi," ndinatero, maso ali pa nati.

Apongozi anga Mulungu sanawamane thupi. Anamanga chitenje, anagwira m'mbali mwa kavani, n'kukwera pa paipi ndi mapazi onse. Paipi inawerama, bawuti ayi. Anayamba kudzigwedeza ngati akusinja, akuiuza bawutiyo kuti iwo anazulapo zitsa zoposa iyo. Sipanala yanga inkandidya chikhatho, koma sindikanaitaya pamaso pawo.

Ndiye kunamveka phwaa! Bawuti inagonja, paipi inagunda pansi, apongozi nawo khu, m'fumbi. Ndinatuluka chokwawa. Kuwadzutsa kunali kulakwa, kuwasiya kunalinso kulakwa. Ndinagwada patali pang'ono n'kuyamba kupepesa.

Iwo anali kuseka mpaka misozi. Anatambasula dzanja. "Zopepesa mawa. Ndidzutseni, mwana akubwera."

Ndinawadzutsa, girisi wanga n'kuwadetsa mpaka m'chigongono. Pamene ndinkamanga shafti yatsopano, anakhala pa njerwa akundipatsira mabawuti imodziimodzi, uku akuthamangira m'nyumba kukaona wodwala. Sindinagwirepo ntchito mofulumira chotero, ndipo sindinasangalalepo chotero ndili pansi pa galimoto.

Tinafika ku kiliniki dzuwa lili pamutu. Sipanapite nthawi, apongozi anatuluka, nadutsa amayi onse amene akanatha kuwatuma, n'kubwera molunjika pamene ndinakhala pansi pa mtengo.

"Ndi wamkazi," anatero. "Onse ali bwino. Tikanachedwa pang'ono akanabadwira pakhonde."